Frederick Jones: Mnyamata wa Pagalaja Amene Anaziziritsa Malole

Ife amene timakhala kapena tinachitako lendi ku Chikanda timaudziwa bwino mwezi wa Okutobala. Pofika 11 koloko m'mawa malata amakhala akuthetheka, fumbi lili koboo m'tinjira, ndipo phiri la Zomba, ngakhale lili pompa ndi kamphepo kake kayaziyazi, limakhala ngati lasamukira kutali. Tsiku lotere ukapeza mwayi wokwera galimoto ya mnansi yokhala ndi eyakoni, umayamba wathokoza usanakhale n'komwe pampando.

Koma ambiri a ife taonapo chodabwitsa ichi. Galimoto ikaima pachipata, injini ikulira, tikudikira mnzathu amene akusakabe nsapato, mpweya wotuluka m'timabowo ta eyakoni umakhala wofunda. Ikangolowa mumsewu wa tala n'kuyamba liwiro kulowera ku Thondwe, kuzizira kuja kumabwerera ngati palibe chinachitika. Mwini galimoto amangopukusa mutu n'kugamula kuti gasi watha, ndipo mawa lake amakalipira ndalama kuti amuthirire wina.

Vuto limeneli ndi lakale kuposa galimoto zimene timakwerazi. Munthu amene analimbana nalo mpaka kuligonjetsa, katundu wake sanali anthu otuluka thukuta ngati ife, koma nkhuku ndi nyama zimene zinkaola galimoto ikaima padzuwa. Dzina lake ndi Frederick McKinley Jones, munthu wakuda wa ku America amene sukulu anaisiyira ku pulayimale.

Ubwana wopanda mwini

Jones anabadwa pa 17 Meyi 1893 m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, kumene mzinda wa Cincinnati umayang'anizana ndi tauni ya Covington. Bambo ake, a John Jones, anali mzungu wa mtundu wa ku Ireland wogwira ntchito kunjanji, ndipo mayi ake anali munthu wakuda. Mayiwo sanawadziwe bwino, pakuti anachoka m'moyo wake iye ali wakhanda. Bambo ataona kuti sangathe kulera mwana ali okha, anakamusiya kwa wansembe wa Katolika mwanayo ali ndi zaka pafupifupi 7. Sipanapite zaka zambiri bambowo anamwalira.

Kunyumba ya wansembe mnyamatayu ankasesa, kutsuka ndi kutumidwa uku ndi uku. Chimene chinkamukopa mtima ndi galimoto za anthu olemera amene ankabwera kudzapemphera, pakuti masiku amenewo galimoto zinali zachilendo ndithu. M'kalasi sankakhazikika. Pamapeto pake anathawa sukulu ndi nyumba yomwe, n'kukapeza ganyu yosesa pagalaja ina ku Cincinnati.

Aliyense amene anaimapo pagalaja ya pansi pa mtengo amamudziwa mnyamata wotere: wakuda bii ndi oyilo, wotumidwa sipanala, amene sapatsidwa mpata wogwira injini koma maso ake sachoka pamanja a bwana. Jones anali wotero. Ankaona, kenaka n'kuyesa yekha akuluakulu akatembenuka. Ali ndi zaka pafupifupi 14 anali atasanduka makaniko weniweni, ndipo posakhalitsa anamuika kukhala kapitawo wa anthu amene anamupeza akugwira tsache.

Zaka za ku Hallock

Atayendayenda kusaka ntchito, m'chaka cha 1912 anafika ku Hallock, katauni ka kumpoto kwenikweni kwa dera la Minnesota, kufupi ndi malire a Canada. Kumeneko analembedwa ntchito pafamu yaikulu ya Walter Hill, mwana wa James J. Hill, mpondamatiki wa njanji. Pafamupo panali mathirakitala, galimoto ndi injini zoyendera nthunzi, ndipo zonsezi zinkafuna munthu wozisamala. Masana Jones ankakonza makina, usiku n'kumawerenga mabuku a zamagetsi ndi zamakina. Ali ndi zaka pafupifupi 20 anakhoza mayeso a boma n'kulandira chiphaso choyendetsera injini za nthunzi.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anapita ku France. Asilikali akuda ankaikidwa m'magulu awoawo, ndipo ambiri ankapatsidwa ntchito ya fosholo ndi kusenza katundu. Akuluakulu ataona luso la Jones anamupatsa ntchito yolumikiza magetsi ndi matelefoni m'misasa, namukweza kukhala sajeni.

Atabwerera ku Hallock anakhala munthu amene tauni yonse inkathamangirako chinthu chikawonongeka. Ankapanga galimoto zampikisano n'kumathamangitsa yekha pa zionetsero za zaulimi. Dera limenelo limazizira koopsa ndipo chipale chofewa chimatseka misewu, choncho anapanga kangolo kotsetsereka pachipale, kokankhidwa ndi chopukusa mphepo cha ndege, kuti madokotala azifika kwa odwala. Tauniyo itafuna wailesi yakeyake, iye ndiye anapanga makina oulutsira mawu. Anapanganso makina ounikira mafupa otheka kunyamula, koma sanawalembetse kuboma kuti ndi luso lake, ndipo phindu lake linadyedwa ndi ena. Zambiri zimene anachita m'zaka zimenezi sanapindule nazo kanthu kupatula dzina labwino.

Kuchoka ku kanema kupita ku filiji

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunabwera kanema wolankhula. Makina ake anali okwera mtengo, ndipo nyumba ya kanema ya ku Hallock sikanakwanitsa kugula. Jones anatola zitsulo ndi zipangizo zakutha n'kupanga makina akeake ogwirizanitsa mawu ndi zithunzi. Mbiri yake inamveka mpaka ku Minneapolis, kwa Joseph Numero, mwini kampani yogulitsa zipangizo za kanema, amene anamulembera kalata yomuitana. Olemba mbiri yake amasimba kuti tsiku limene anafika, wolandira alendo atangoona khungu lake anamuuza kuti malo a osesa kulibe. Jones anatulutsa kalata ija, ndipo munthu amene ankaoneka ngati wosesayo anakhala injiniya wa kampaniyo.

Amasimbanso za usiku wina wotentha pamene Jones anali m'galimoto pafupi ndi nyanja. Akatsegula mawindo udzudzu unkalowa, akatseka ankasamba thukuta. Ife a ku Zomba, amene timadziwa udzudzu wa kunyanja ya Chilwa, sitikusowa kufotokozeredwa. Nthawi imeneyo nyumba zikuluzikulu zinali zitayamba kale kuziziritsidwa, kuchokera pa ntchito imene Willis Carrier anayamba mu 1902, koma makina ake anali aakulu ndipo ankafuna madzi ndi magetsi ambiri. Jones anakawerenga za mafiliji kulaibulale n'kujambula eyakoni ya galimoto. Numero sanachite nayo chidwi, poona kuti idzakhala yolemera ndi yodula. Mapepala aja anasungidwa.

Mwayi wake unabwera mu 1938. Numero akusewera gofu ndi mnzake Harry Werner, mwini malole onyamula katundu, anamva dandaulo lakuti lole yathunthu ya nkhuku yawonongeka panjira chifukwa cha kutentha. Masiku amenewo nyama inkayenda ndi madzi oundana ndi mchere. Lole ikachedwa, kaya chifukwa cha tayala lophulika kaya mzere wautali, madzi oundana aja ankasungunuka ndipo katundu yense ankatayidwa. Amene anayesa kukweza filiji wamba palole ankapeza kuti mabampu aiphwasula ulendo usanathe. Numero analonjeza mnzakeyo kuti injiniya wake athana nalo vutoli, asanamufunse n'komwe mwini wakeyo.

Mmene kuzizira kumapangidwira

Kuti timvetse chimene Jones anachita, tiyenera kudziwa kaye kuti filiji kapena eyakoni sipanga kuzizira. Ntchito yake ndi kusamutsa kutentha, kukuchotsa mkati n'kukakutaya kunja. M'mapaipi ake mumayenda gasi wapadera. Kompuresa imamupanikiza gasiyo mpaka atatentha kwambiri. Kuchoka apo amalowa mu kondensa, chitsulo cha timapaipi ndi timapeyala topyapyala chofanana ndi rediyeta, pamene mphepo ya kunja imamulanda kutentha ndipo iye amasanduka madzimadzi. Kenaka amadutsa pakabowo kakang'ono, kupanikizika kuja kumatsika mwadzidzidzi, ndipo amazizira kwambiri. Akamasandukanso mpweya m'mapaipi a mkati, amamwa kutentha kwa m'chipinda n'kubwerera nako ku kompuresa kuti ulendo uyambirenso.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zosati n'kusowa: mphamvu yozungulitsa kompuresa, ndi mphepo yodutsa mu kondensa. Chimodzi chikachepa, kutentha kumakhalabe mkati.

Nzeru yoyamba ya Jones inali pa mphamvuyo. Sanafune kuti filiji izidalira injini ya lole, chifukwa lole imachedwa pamtunda, imaima pamzere, ndipo dalaivala amaizimitsa akamagona. Anaipatsa filijiyo injini yakeyake ya petulo, kuti kaya lole ikuthamanga kaya yaima, kompuresa izizungulirabe mofanana. Zipangizo zina za makina oyambawo anazitola kumalo otayirako zitsulo, ndipo anazimanga molimba kuti zipirire mabampu.

Makina oyambawo, otchedwa Model A, anagwira ntchito, koma anali ndi zilema. Ankalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo anawamangirira kunsi kwa lole. Kunsiko ndi kumene kumathera matope, fumbi ndi timiyala ta mumsewu. Kondensa inkatsekeka, mphepo inkalephera kudutsa, ndipo kuzizira kunkachepa. Jones sanalimbikire kuteteza zimene anapanga. Anapanga Model B yopepukirapo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 anatulutsa Model C, imene anaichotsa kunsi n'kuikweza kutsogolo kwa bokosi la katundu, pamwamba, pamene pamawomba mphepo yoyera. Inali chinthu chimodzi chathunthu, chosavuta kumanga ndi kumasula, ndipo kulemera kwake sikunafike ngakhale theka la yoyamba ija. Anawonjezanso njira yoti injiniyo izidzilizira yokha mkati mukayamba kufunda, n'kuzima yokha mukazizira mokwanira. Iyi ndiyo nzeru yake yachiwiri: kutentha kuyenera kupeza potulukira.

Numero anagulitsa bizinesi ya kanema ku kampani ya RCA, ndipo awiriwa anayambitsa kampani ya U.S. Thermo Control, imene pambuyo pake inatchedwa Thermo King. Mpaka lero tikaona lole yoyera ya nkhuku kapena mkaka ikudutsa mu Zomba ndi chibokosi chong'ung'udza pamphumi pake, tikuona maganizo a Jones ali pamalo pomwe iye anawaika.

Nkhondo ndi zaka zotsiriza

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America anafuna mafiliji otheka kunyamula kupita nawo kumisasa ndi kuzipatala za kunkhondo, kumene kunalibe magetsi. Makina a Jones anasunga chakudya, mankhwala ndi magazi opatsa ovulala. Nkhondo itatha, luso lomwelo linalowa m'mabogi a sitima za pamtunda, ndipo zipatso, ndiwo zamasamba ndi nyama zinayamba kuyenda mitunda italiitali osawonongeka.

Mu 1944 anakhala munthu wakuda woyamba kulandiridwa m'bungwe la mainjiniya a zoziziritsa la American Society of Refrigeration Engineers. M'zaka za m'ma 1950 ankalangiza nthambi za boma la America, kuphatikizapo ya chitetezo. Phunziro la makina ounikira mafupa aja analigwira: m'moyo wake analandira ziphaso 61 za boma zotsimikiza kuti luso ndi lake, ndipo 40 mwa izo zinali za zoziziritsa. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ku Minneapolis pa 21 Febuluwale 1961, naikidwa kumanda a asilikali a Fort Snelling. Patapita zaka 30, mu 1991, Pulezidenti George H. W. Bush anapereka mendulo ya National Medal of Technology kwa Jones ndi Numero, ndipo anailandira ndi akazi awo amasiye. Jones anali munthu wakuda woyamba kupatsidwa ulemu umenewu.

Tibwerere pachipata paja

Eyakoni ya galimoto zazing'ono inayenda njira ina. Kampani ya Packard ndiyo inayamba kuigulitsa mu 1939, ndipo chiyambire nthawiyo galimoto zambiri zimazungulitsa kompuresa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo imene imayendetsa matayala. Kondensa amaiika kutsogolo kwa rediyeta, kuseri kwa bampala. Apa ndiye pagona yankho la chodabwitsa chathu chija.

Galimoto ikamathamanga, injini imazungulira maulendo 2,000 kapena kupitirira pa mphindi, kompuresa imapopa mwamphamvu, ndipo mphepo imadzilowera yokha mu kondensa. Ikaima, injini imatsika kufika maulendo 700 kapena 800 pa mphindi, ndipo mphepo ya liwiro ija imatheratu. Zinthu ziwiri zija zachepa nthawi imodzi. Chimene chimatsala ndi fani ya kutsogolo yokoka mphepo. Kuchepa pang'ono kwa kuzizira galimoto itaima padzuwa la Okutobala si matenda. Koma mpweya ukafika pofundiratu, pali chimene chalakwika, ndipo moyo wa Jones ukutiuza poyambira kufufuza.

Choyamba ndi mphepo. Titsegule boneti, tilize injini, tiyatse eyakoni, ndipo tione ngati fani ikuzungulira, manja ndi zovala zili kutali. Ikakhala chete kapena ikamazungulira mwaulesi, vuto likhoza kukhala fyuzi, rileyi, waya kapena mota yake, ndipo zina mwa izi n'zotsika mtengo kuposa gasi. Ngati muvi wa kutentha kwa injini nawonso umakwera galimoto ikaima, tisachedwe, chifukwa pamenepo injini yonse ili pachiswe.

Chachiwiri ndi matope a Model A aja. Misewu ya ku Chikanda ndi ya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo zonsezi pamodzi ndi masamba, udzu ndi tizilombo zimakakamira pa kondensa. Kuitsuka ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, osapinda timapeyala take, nthawi zina kumabwezeretsa kuzizira popanda kugula kanthu. Sefa ya mpweya wa mkati, imene m'galimoto zambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa wokwera, nayonso imadzaza fumbi.

Chachitatu ndi mphamvu. Lamba wakutha kapena wokhwepa amaterereka, ndipo nthawi zambiri amalira tikangoyatsa eyakoni. Kompuresa yokalamba imatha kupopa bwino injini ikathamanga koma n'kulephera ikatsika.

Gasi abwere pomalizira. Gasi wa eyakoni satha ngati petulo, chifukwa amangozungulira m'mapaipi otsekedwa. Akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo kuthira wina osatseka podonthapo n'kutungira madzi m'dengu. Kuthira wopitirira muyezo nakonso kumachepetsa kuzizira ndipo kumapha kompuresa. Makaniko wodziwa ntchito yake amayamba wayeza ndi mageji ake, amasaka podontha, ndipo amathira mtundu ndi muyezo umene walembedwa pakapepala ka pansi pa boneti. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimagwiritsa ntchito gasi wotchedwa R134a. Gasi wophikira sayenera kulowa m'mapaipi amenewa, chifukwa amayaka.

N'zochititsa chidwi kuti galimoto zoyendera petulo ndi batire, monga Toyota Aqua ndi Prius, zili ndi kompuresa ya magetsi imene sidalira lamba wa injini. Zimaziziritsabe ngakhale injini itazima pamphambano. Opanga galimoto afika pa mfundo imene Jones anaiona mu 1938, yakuti choziziritsa chikhale ndi mphamvu yakeyake.

Chimene chili pachiswe

Kwa ife okwera, eyakoni yofooka ndi nkhani ya thukuta chabe. Koma pali katundu wina amene sangadikire. Katemera wambiri wa ana amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera kumene wapangidwa mpaka kufika pamkono wa mwana kusikelo. Magazi amene amapulumutsa mayi wotaya magazi pobereka, kaya ku Zomba Central Hospital kaya kwina, nawonso amayenda mozizira. Ndipo tikapita ku Kachulu n'kuona asodzi akuyanika matemba ndi kuwamba milamba mwachangu dzuwa lisanawawonongere, timaona mmene malonda amakhalira kumene kuzizira sikunafike mokwanira. Ntchito imene Jones anayamba, kwathu kuno sinathe.

Ambiri a ife tikuwerenga kuti tidzapeze pepala, ndipo n'zoyenera. Jones mwini wake, ngakhale anathawa kalasi, sanathawe buku: analiwerenga usiku kufamu ndi kulaibulale moyo wake wonse. Chimene anawonjeza pa bukulo ndi chizolowezi chogwada pansi n'kuyang'ana chimene chatsekeka asanagamule mlandu. Tsiku lina tikadzaimanso pachipata ku Chikanda, mpweya wofunda ukutiwomba kumaso, tisadzathamangire kunena kuti gasi watha. Tidzatsegule kaye boneti. Ndipo tikakafika pagalaja, mnyamata wa oyilo amene adzatibweretsere mpando uja tidzamupatse moni waulemu, n'kumufunsa dzina lake.